Ng'oma Yolira ndi Thupi la Wovina

Nkhani yokambidwa pamaso pa aphunzitsi a magule, atsogoleri a magulu ovina ndi achinyamata awo

Ilipo nkhani imene sikambidwa kawirikawiri pabwalo. Pakuti gule akatha timakamba za nyimbo, timayamika alimba ndi oimba ng'oma, timatchulanso amene anavina mogometsa. Koma za bondo lotupa la iye amene anatigometsayo, bondo limene adzagona nalo usiku umenewo ndi kudzuka nalo m'mawa, palibe amene amafunsa. Makolo adati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ndipo ine lero ndifuna tione pamodzi ngati mwambi umenewu uli lamulo losasinthika, kapena ngati ilipo nzeru yoti ng'oma ilire bwino nikhalitsenso. Nzeru imeneyo ilipo ndithu. Ili ndi madokotala ake, masukulu ake ndi mabuku ake, ndipo ngakhale idabadwira kutali, pakati pa ovina a ku Ulaya ndi ku America, fupa limene idaphunzirapo ndi lomweli lili m'miyendo yathuli.

Tiyambe ndi kufunsa chimene nzeru imeneyi idachedwera. M'chaka cha 1700 sing'anga wina wa ku Italy, dzina lake Bernardino Ramazzini, adalemba buku lonena za nthenda za anthu antchito, m'mene adafotokoza zimene zimagwera okumba migodi, oumba mbiya, ophika buledi ndi azamba, nalangiza asing'anga anzake kuti pofunsa wodwala asamaiwale kumfunsa ntchito imene amagwira. Kuyambira pamenepo anthu adayamba kuzindikira kuti ntchito iliyonse ili ndi chilonda chake. Koma zidapita zaka zoposa 250 wovina asanawerengedwe mokwanira m'gulu la antchito otere, ndipo chifukwa chake, monga ndionera ine, n'chakuti luso lonse la wovina lagona pa kubisa kulemera kwa ntchito yake. Wosenza thumba la chimanga amaloledwa kubuula, wothamanga mpikisano amaloledwa kukwinya nkhope ndi kudzigwetsa pansi akafika. Koma wovina, ngakhale mpweya wamthera, ayenera kumwetulira kuti woonera aziyesa kuti kudumphako n'kopepuka. Tsono amene waphunzira kubisa kutopa pamaso pa khamu amaphunziranso kubisa ululu pamaso pa mphunzitsi wake, ndipo potsiriza amaubisa ngakhale kwa iye mwini. Ndiye sing'anga adzachiza bwanji chimene sanauzidwe?

Gule amene adatsegula maso a madokotala ndi uja wotchedwa ballet, amene adakulira m'nyumba za mafumu a ku Italy ndi ku France, ndipo mfumu Louis XIV idamkhazikitsira sukulu yake mu mzinda wa Paris m'chaka cha 1661. Gule ameneyu amafuna kwa thupi zinthu ziwiri zimene thupi silidazolowere. Choyamba, wovina aime ndi kuyenda atatembenuzira miyendo kunja, kotero kuti zidendene zikakhudzana, zala za phazi lina ziloze kumanja, za linzake kumanzere. Chachiwiri, chimene chidatchuka pamene Marie Taglioni adavina La Sylphide ku Paris m'chaka cha 1832, n'chakuti mkazi aime pansonga penipeni pa zala zake, thupi lonse litatsamira pa kamalo kakang'ono kwambiri. Onjezanipo kudumpha kosawerengeka tsiku ndi tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kuyambira ubwana, ndipo mudzaona kuti kuvulala sikukadalephera. Komabe kwa nthawi yaitali wovina wovulala akapita kwa dokotala ankangouzidwa kuti aleke kuvina, malangizo amene sakadawamvera. Chotero ambiri adaleka kupita kwa dokotala m'malo moleka kuvina.

Zinthu zidayamba kusintha m'masiku a makolo athu omwewa. M'chaka cha 1972 dokotala wa mafupa, William Hamilton, adayamba kusamalira ovina a New York City Ballet, ndipo mu 1980 gulu lomwelo lidalemba ntchito Marika Molnar, katswiri wa mafizo, kuti azikhala pafupi ndi ovinawo pamalo awo a ntchito. Mu 1989 chidatsegulidwa ku New York chipatala cha Harkness Center for Dance Injuries; mu 1990 madokotala, aphunzitsi a magule, asayansi ndi ovina adapanga bungwe la International Association for Dance Medicine and Science, limene lidayamba kusindikiza magazini yake ya zofufuza mu 1997; mu 2001 sukulu ya Laban ku London idayamba kuphunzitsa digiri ya sayansi ya kavinidwe; ndipo mu 2012 ku Britain kudatsegulidwa malo aulere ochizira ovina pa chipatala cha mafupa cha Royal National Orthopaedic Hospital. Taonani kuti bungwe lija la 1990 silidali la madokotala okha. Dokotala adziwa fupa koma sadziwa gule, mphunzitsi adziwa gule koma sadziwa fupa, ndipo wovina yekha ndiye adziwa pamene pakupweteka. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito yoyamba ya anthu amenewa idali kuwerenga, pakuti chimene sichinawerengedwe n'chosavuta kuchikana. Bungwe la Dance UK litafunsa ovina oposa 1,000 a ku Britain, lidalengeza m'chaka cha 2005 kuti 80 mwa ovina 100 alionse adavulalapo m'miyezi 12 yapitayo, ndipo ovinawo atafunsidwa chimene iwo adaona kuti chidawavulaza, ambiri adatchula kutopa ndi kuchuluka kwa ntchito. Zofufuza za m'maiko ena zidagwirizana pa mfundo ziwiri: kuti kuvulala kwa ovina kumagwa makamaka m'miyendo, ndiko kuti phazi, akakolo, msongolo, bondo ndi chiuno, kenaka msana, ndiponso kuti gawo lalikulu la kuvulalako silidza mwadzidzidzi monga kudza kwa ngozi, koma limadza mozembera, pang'ono lero, pang'ono mawa, kufikira tsiku limene mwendo ukana. Mfundo yachiwiriyi ndiyo mutu wa zonse zimene ndinena, chifukwa chimene chidza pang'onopang'ono chimaoneka chikali kutali, ndipo chooneka chikali kutali chimapewedwa.

Kuti timvetse kuvulala kozemberaku tiyenera kudziwa khalidwe la fupa. Ambiri timaliyesa chinthu chouma popeza timaliona litafa. Koma fupa la munthu wamoyo n'lamoyo, lili ndi magazi ake, ndipo masiku onse limagumulidwa pang'ono ndi kumangidwanso. Dokotala wa ku Berlin, Julius Wolff, adalongosola m'chaka cha 1892 kuti fupa limadzimanga molingana ndi katundu amene limasenza: likamasenzetsedwa limakhwima, likagonekedwa limafooka. Apa wovina ali ndi dalitso, pakuti kudumpha kumalimbitsa mafupa kuposa kukhala pansi. Koma m'dalitso lomwelo muli msampha, chifukwa kugumula fupa lotopa kumatenga masabata ochepa, pamene kumanga latsopano ndi kulikhwimitsa kumatenga miyezi. Ndipo munthu akachulukitsa ntchito mwadzidzidzi, kugumula kumatsogola, kumanga kumatsalira. Anyamata opanga magalimoto a mawaya amadziwa kuti waya sathyoka ukampinda kamodzi, koma ukampinda ndi kumuwongola pamalo amodzimodzi kambirimbiri, amaduka wopanda mpeni. Fupa limachita chimodzimodzi, kupatula kuti ilo limatha kudzikonza likapatsidwa nthawi ndi chakudya. Mwa mafupa 26 a phazi, limene limang'aluka motere kawirikawiri mwa ovina a ballet ndi fupa lalitali la kumbuyo kwa chala chotsatana ndi chachikulu, popeza tsinde lake lidapanikizika pakati pa anzake ndipo silitha kupatuka. Lina ndi fupa la msongolo. Chizindikiro chake ndi ululu wa pamalo amodzi, malo oti nsonga ya chala iwaphimba, umene poyamba umamveka gule akatha, kenaka gule ali m'kati, ndipo potsiriza poyenda wamba ngakhale usiku pogona. Wobwera nawo msanga amachira ndi kupumula kwa masabata angapo. Wolimbikira kuvina nawo akhoza kutaya chaka chathunthu.

Za kutembenuzira miyendo kunja kuja sayansi idapeza chinthu chimene chiyenera kuchepetsa mtima wa mphunzitsi aliyense. Kutembenuka kumeneku kuyenera kuchokera pa nsukunyu ya ntchafu, pamene mutu wa fupa la ntchafu ulowa m'chiuno, pomwe paja Yakobo adatsimphina napo. Ndipo kukula kwake kumadalira kaumbidwe ka mafupa amene munthu adabadwa nawo, kamene kudzikoka kulikonse sikungasinthe munthu atakula. Anthu owerengeka okha ndiwo ali ndi chiuno chololeza mapazi kutembenuka mpaka kupanga mzere umodzi wowongoka. Enawo, pofuna kukondweretsa mphunzitsi, amakanikizira mapazi pansi ndi kuwapotoza, ndipo chimene chiuno chakana, bondo ndi phazi zimalipira: bondo limapotoka, phazi limagwera m'kati, msana umapindikira kutsogolo. Phunziro lake limakhudza gule aliyense wa pansi pano, ndilo lakuti ana awiri amsinkhu umodzi sadapatsidwe thupi limodzi, ndipo mwana amene alephera chimene mnzake achita mosavuta sikuti nthawi zonse ndi waulesi. Makamaka pa nthawi ya kutha msinkhu, pamene mafupa amatalika msanga minofu n'kumatsalira, mwana amene chaka chatha adali wofewa ndi wolunjika amaoneka wouma ndi wopepuluka, mawondo ndi zidendene zimamupweteka. Nthawi imeneyo njofunika kumchepetsera kudumpha ndi kumlimbitsa mtima, osati kumkalipira. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti mtsikana asayambe kuima pansonga ya zala asanafike zaka ngati 12, ndiponso asanaphunzire zaka zingapo ndi kuonetsa mphamvu zokwanira m'mapazi ndi m'chiuno. Mmera mpoyamba.

Tsopano ndifike pa kutopa, kumene ovina eni ake adakutchula koyamba. M'kati mwa bondo muli mtsempha wolimba womanga fupa la ntchafu ndi la msongolo, umene madokotala amautcha ACL, ndipo kuduka kwake ndi tsoka lodziwika bwino kwa osewera mpira. Marijeanne Liederbach ndi anzake a ku Harkness Center adatsatira ovina 298 kwa zaka zisanu, nalengeza mu 2008 kuti 12 okha ndiwo adaduka mtsemphawu, chiwerengero chochepa poyerekeza ndi cha osewera mpira wamagulu. Chifukwa chake chioneka kuti n'chakuti wovina amaphunzitsidwa kuyambira ubwana kutera bwino: zala ziyambe kukhudza pansi, chidendene chitsatire, bondo lipinde molunjika pamwamba pa phazi. Koma tamvani chimene chidapezeka pa 12 aja: pafupifupi onse adavulala potera ndi mwendo umodzi, ndipo ambiri adavulala kumapeto kwa tsiku ndi kumapeto kwa nyengo ya zionetsero. Luso lidalipo, koma thupi litatopa luso lidachoka. Chotero pamene mphunzitsi aona kuti ana atopa ndipo gule wayamba kusokonekera, nanena kuti, “Tibwereze kamodzi kotsiriza mpaka tikhoze,” adziwe kuti kubwereza kumeneko ndiko koopsa kuposa kwina konse, ndipo thupi lotopa likabwereza limaloweza zolakwa.

Asayansi a ku Britain, monga Yiannis Koutedakis ndi Matthew Wyon, atayeza kugunda kwa mtima ndi kapumidwe ka ovina, adapeza chinthu chimene chidadabwitsa ambiri: kuti ovina ochuluka, ngakhale amakhala tsiku lonse m'chipinda chophunzirira, alibe mpweya wokhalitsa wofanana ndi wa akatswiri a masewera ena. Pakuti pophunzira amavina pang'ono, naima kumvera mphunzitsi, navinanso pang'ono, mtima osafika pogwira ntchito yolimba kwa nthawi yaitali. Koma tsiku la chionetsero palibe kuima. Munthu amene wakonzekera ntchito yopepuka nakumana ndi yolemera ndiye amatopa msanga, ndipo tamva kale chimene kutopa kumabala. Mankhwala ake ndi kuwonjeza ntchito zina zolimbitsa mtima ndi minofu kunja kwa gule. Ovina ambiri ankakana zimenezi poopa kuti minofu ikakula adzauma thupi ndi kutaya kukongola, koma zofufuza zidaonetsa kuti mantha amenewa adali opanda maziko. Chitsanzo chokoma chichokera ku gulu la Australian Ballet, kumene Sue Mayes ndi anzake a mafizo adaona kuti ovina amene sankatha kunyamuka pa chidendene ndi mwendo umodzi kokwana ka 25 ndiwo ankadandaula kwambiri za akakolo. Ndipo atalowetsa kachitidwe kophweka kameneka m'maphunziro a tsiku ndi tsiku, kuvulala kwa akakolo ndi akatumba kudachepa. Palibe makina, palibe ndalama; munthu, khoma logwira, ndi kudekha basi.

Pa za kukonzekera thupi gule asanayambe, ambiri timasokoneza zinthu ziwiri, kutenthetsa thupi ndi kukoka minofu. Kutenthetsa ndiko kuyenda, kuthamanga pang'ono, kugwedeza mfundo zonse mowonjezawonjeza kwa mphindi 10 kapena 15, kufikira thukuta liyamba kutuluka. Pamenepo magazi afika m'minofu, ndipo mauthenga a ubongo amayenda msanga. Koma kukhala pansi thupi lili lozizira, n'kukoka mnofu umodzi kwa nthawi yaitali, sikutenthetsa konse, ndipo kudapezeka kuti kumachepetsa kwa kanthawi mphamvu yodumphira; malo ake ndi pamapeto, thupi litafunda. Ndipo kufewa kopanda mphamvu si chuma ayi, pakuti amene adabadwa ndi mfundo zofewa kwambiri, amene aphunzitsi amawakonda powaona koyamba, ndiwo afunika kulimbitsidwa koposa anzawo, chifukwa mitsempha yawo siigwira mafupa mwamphamvu. Pansi povinira napo pali mlandu wake. Munthu akatera kuchokera m'mwamba, mphamvu yobwerera m'mwendo imaposa kulemera kwa thupi lake kangapo, ndipo pansi pakakana kulandirako gawo, mwendo umalandira yonse. N'chifukwa chake nyumba zovinira zamakono zimayala matabwa pamwamba pa zinthu zonyutuka, kuti pansi pazigonja pang'ono.

Pali nkhani ina yolemera imene ndiyenera kuinena mwaulemu pamaso pa amayi, ndiyo ya njala yodzipatsa. Popeza ballet idakonda thupi lowonda, atsikana ambiri ankadzimana chakudya uku akugwira ntchito yolimba, ndipo ambiri ankachedwa kutha msinkhu kapena kuleka kupita kumwezi, anthu n'kumayesa kuti ndi m'mene ovina amakhalira. Mu 1986 dokotala Michelle Warren ndi anzake adasindikiza zimene adapeza pa ovina 75, zoonetsa kuti amene adachedwa kutha msinkhu ndiwo ankathyoka mafupa kawirikawiri ndi kukhota msana. Mu 1992 madokotala a zamasewera a ku America adazindikira poyera kuti kuchepa kwa chakudya, kusokonekera kwa msambo ndi kufooka kwa mafupa ndi zinthu zitatu zoyendera limodzi. Ndipo mu 2014 International Olympic Committee idakulitsa chiphunzitsochi, nichitcha RED-S, poona kuti chimagwiranso amuna. Thupi likaona kuti chakudya sichikwanira ntchito yonse, limayamba kutseka ntchito zimene liyesa kuti zingadikire, monga kubereka, kumanga mafupa ndi kulimbana ndi matenda. Choopsa chake n'chakuti mafupa ambiri a munthu amamangidwa pa unyamata, ndipo chimene chidatayika pa zaka zimenezo sichibwerera chonse. Thupi silifunsa ngati njalayo yadza chifukwa chofuna kuwonda kapena chifukwa m'nyumba mulibe ufa. Mwana amene wavina kuyambira m'mawa ndi m'mimba mopanda kanthu ali pa ngozi imodzimodzi.

Nanga wovina asiyanitsa bwanji ululu wa ntchito ndi ululu wa kuvulala? Kuphwanya kwa minofu kumene kumadza tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pa ntchito yatsopano, kofalikira, kogwira miyendo yonse iwiri, kumene kumachepa munthu akayamba kuyenda, n'kosaopsa. Koma ululu wobaya, wa pamalo amodzi, wa m'mfundo, wodza ndi kutupa, kapena umene ukulirakulira tsiku ndi tsiku, umenewo ndi mthenga, ndipo mthenga saphedwa. Kuvulala kwadzidzidzi kofala koposa mwa ovina ndiko kubinya akakolo, phazi likapindikira m'kati potera. Zikachitika, munthu aleke kuvina pomwepo, akweze mwendo, amange bandeji mosathina kwambiri, aikepo chozizira ngati chilipo. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kufikisa mwamphamvu pa masiku oyambirira kumangowonjeza kutupa. Ngati sangathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, kapena ngati fupa lenileni la kakolo kapena la m'mphepete mwa phazi kunja likupweteka polikhudza, apite kuchipatala akamjambule. Ndipo kutupa kukatha asayese kuti wachira, chifukwa m'mitsempha imene yavulalayo mumakhala timinyewa touza ubongo m'mene phazi laimira; tikapanda kuphunzitsidwanso, mwa kuima ndi mwendo umodzi, poyamba maso ali otsegula kenaka otseka, kakolo yemweyo adzabinyikanso. Zonsezi n'zosavuta, koma zimayamba ndi kunena. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo wovina amene aopa kuti akadandaula malo ake apatsidwa kwa wina adzakhala chete kufikira atatheratu. Mantha amenewo sachotsedwa ndi dokotala. Amachotsedwa ndi mtsogoleri wa gulu.

Kungakhale kusalungama ndikapanda kunena kuti ovina nawo aphunzitsa madokotala. Mu 2013 asayansi a ku Imperial College London adazungulitsa ovina ballet 29 ndi opalasa mabwato 20 pa mpando m'chipinda chamdima, napeza kuti chizungulire chimawathera msanga ovinawo, ndipo atajambula ubongo wawo adaona kuti gawo lolandira mauthenga a chizungulire lidasinthika ndi zaka za kuphunzira. Chimenechi chidapatsa chiyembekezo ochiza anthu odwala chizungulire chosatha. Ndipo ku Brooklyn, kuyambira 2001, gulu la Mark Morris Dance Group lakhala likuphunzitsa kuvina anthu odwala nthenda ya Parkinson, ija yonjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, popeza kugunda kwa nyimbo kumathandiza mwendo wokakamira kuti unyamuke. Ife amene tidakula tikuona nkhalamba yoyendera ndodo ikutaya ndodoyo ng'oma ikalira sitidabwa kwambiri.

Tsono nditembenukire kwathu. Ife sitiima pansonga ya zala, koma wa ingoma amaponda pansi ndi mphamvu yake yonse, wa beni, wa mganda ndi wa malipenga amavina nthawi yaitali atapinda mawondo, amayi a chimtali ndi chioda amagwiritsa ntchito chiuno ndi msana, ndipo achinyamata a m'tauni amagudubuka ndi kudumpha chagada pofuna kutchuka pa kanema. Za zilombo za kudambwe sindinenapo kanthu, pakuti zili ndi eni ake, ndipo akuluakulu a kumeneko atola okha chimene chiwakhudza. Magule amenewa adabadwira pa dothi, limene limagonja pansi pa phazi. Lero tawalowetsa m'maholo a simenti ndi pa konkire ya m'mahotela, kumene dothi kulibe. Kale gule adali ndi nyengo yake, makamaka pambuyo pa kukolola, ndipo dzinja linkapumitsa miyendo ku ntchito imeneyo. Lero gulu lolembedwa ganyu pa maukwati ndi misonkhano livina chaka chonse, ndipo mpikisano ukayandikira, ana amene adakhala miyezi osavina amavinitsidwa tsiku lililonse. Onjezanipo dzuwa la mwezi wa Okutobala. Wovina akayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka kapena kukomoka pa kutentha, musamdikire. Mtengereni pamthunzi, m'masuleni zovala, m'thireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo muthamange naye kuchipatala, pakuti kutentha kotere kumapha. Mowa sulowa m'malo mwa madzi. Umaumitsa thupi ndi kugonetsa mthenga uja wa ululu.

Chotero, aphunzitsi anzanga ndi atsogoleri, zimene madokotala a maiko akutali adapeza ndi makina okwera mtengo zafika kwa ife zosafuna ndalama. Sankhani dothi losalazidwa ndi kuwazidwa madzi m'malo mwa simenti, ndipo kumene simenti siipeweka chepetsani kudumpha. Tenthetsani thupi musanayambe. Ikani zovuta koyambirira ana akali ndi mphamvu. Wonjezani ntchito pang'onopang'ono, pokumbukira kuti tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha, ndipo tsiku limodzi pa sabata likhale lopuma. Onetsetsani kuti ana adya ndi kumwa madzi. Koposa zonse, pangani gulu lanu kukhala malo amene mwana anganene kuti, “Aphunzitsi, apa pakundipweteka,” wosaopa kunyozedwa kapena kuchotsedwa. Kumwetulira kobisa kulemera kwa ntchito kukhale kwa pabwalo pamaso pa alendo, koma kuseri kukhale choonadi. Ndipo inu achinyamata, amene muyesa kuti mawondo anuwo sadzakalamba, sungani khosi, mkanda woyera mudzavala. Mphunzitsi wa gule adzayesedwa ndi zikho zimene gulu lake lidapambana, inde, koma adzayesedwa koposa ndi chiwerengero cha ophunzira ake amene adzafika pa imvi akali kutha kulowa m'bwalo ndi kuphunzitsa adzukulu awo, pakuti gule wathu salembedwa m'buku, ndipo alibe kwina kosungidwa koma m'matupi a anthu amene amamudziwa.